Mazira Anga M'bokosi la Ainjiniya

Lolemba, 2 Juni
Mazira anga makumi anayi alowa m'chibokosi cha Ainjiniya. Ndilo dzina lomwe ndawapatsa amuna angawa. Zaka makumi atatu akuyendetsa basi, lero apuma ntchito, basi asanduka katswiri wa zamagetsi chifukwa cha mavidiyo a pafoni. M'bokosimo babu, kafani, mawaya ngati matumbo a nkhuku, ndi kabolodi kochepa ngati bokosi la machesi. Akuti kali ndi ubongo: kukazizira kayatsa babu, kukatentha kazimitsa. Thadzi langa limachita zomwezo popanda laputopu.

Lachinayi, 5 Juni
Nsalu yanga ya patebulo yapsa malo awiri ndi chitsulo chawo chowotcherera. Munthu wamkulu ndi imvi zake kuvina chifukwa kagetsi kofiira kaphethira! Ati, "Mayi, taonani, kutentha kwafika 37.5." Ndaona. Nanga tidya 37.5?

Loweruka, 14 Juni
Apita kumaliro a amalume awo, abwera mawa. Mpata wokolopa m'chipinda cha bokosi lija. Fumbi, zidutswa za waya, uve wokhawokha. Kawaya kena kakuda, ka mutu wachitsulo, kanali lende pakati pa mazira. Ndakatulutsa, ndakakulunga bwinobwino, ndakakoleka pamsomali kunja kwa bokosi. Zinthu zizioneka za anthu.

Lamulungu, 15 Juni
M'mawa bokosi lotentha ngati uvuni, babu osazima, koma kagalasi koonetsa kutentha kakuti 19. Mtima phaa. Kani kawaya kaja ndiko kamamva kutentha. Ndakabwezera msangamsanga. Pofika eni ake, 37.5 yawo ili pomwepo. Ubongo wanji wosadziwa kuti auika panja? Chitsiru cha makina.

Lolemba, 23 Juni
Tsiku loti aswe. Zii. Ainjiniya khutu pabokosi kuyambira m'mawa.

Lachitatu, 25 Juni
Aphwanya mazira atatu. Anapiye akufa, tinthenga titayamba kale. Akuti mwina analakwitsa polemba malamulo a kabolodiko. Ndawauza kuti ndinanena ine, za ana asukulu asiyireni ana asukulu. Ndanena mokweza, mpaka aneba amva. Ainjiniya chakudya osachikhudza.

Lachinayi, 26 Juni
Kani kabolodi kaja kamalemba kutentha kwa ola lililonse pa kakhadi konga ka mufoni. Ine osadziwa. Akhala pa laputopu masana onse, chala chikutsika pa manambala. Kenako chala chinaima. Nthawi yaitali. Ine ndikutsuka mbale imodzi yomweyo.

Anangoti, "Loweruka lija munakolopa bwino m'chipinda muja, mayi."

Basi. Osakalipa. Akanandilalatira bwenzi ndikudziwa poyankha. Atenga tepi, amata kawaya kaja m'kati mwa bokosi kasachokenso, akwirira mazira kuseri kwa khola okha.

Thadzi langa lakuda lili ndi mazira khumi ndi awiri. Ndawaika m'mbale, ndapukuta limodzilimodzi, akalowe m'bokosi la Ainjiniya. Mbale ili apa. Iwo ali pakhonde. Ndikangodzuka pampando pano ndi...