Pulasitiki wa bwana wafunditsa mwana

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno ku Mvurwi tilipo, koma alamu anu achira masiku asanakwane, kamwana kakakazi.

Paja ndinakuuzani za pulasitiki wonyezimira, wopyapyala ngati khoko la anyezi, amene timayala m'mizere ya tomato kuti tizilombo tithawe. Akuti muli fumbi lachitsulo lobweza kuwala ndi kutentha. Lachiwiri m'mawa kamwanako katayamba kuzizira, ndinathamangira kumunda kwa bwana, n'kudulako chidutswa, n'kukulunga kamwanako pamwamba pa bulangeti. Tinakwera thirakitala mpaka kuchipatala. Namwino atakagwira anati, "Baba, kadakali kofunda."

Foromani wa pamundapo akuti andichotsa ntchito chifukwa cha pulasitikiyo. Andichotse, mwana akuyamwa!

Tumizani dzina msanga, azakhali ake ndinu. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Yohane