Mwana amene sanatsegule maso

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa kalasi yachinayi, ndipo choko ndachigwira nthawi yaitali ndithu. Kulembera nyuzipepala si khalidwe langa, koma nkhani iyi yandisowetsa mtendere, ndipo anthu amene ndikanawauza ndi omwewo akundiuza kuti ndikhale chete.

Chaka chisanayambe, aphunzitsi angapo anatitumiza ku wekishopu ya kaphunzitsidwe katsopano. Musaganize kuti ndikuinyoza, ayi, ndinaikonda. Mlangizi wake, bambo wachichepere wa tayi yofiira, anatiuza zoona zokhazokha, kuti ife timangobwebweta kutsogolo ana ali mtulo kumbuyo. Anatiphunzitsa kuika ana m'magulu, kuwasiya kuti azikambirana okha, ndi kupereka malikisi ku gulu lonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anatipatsanso kanjira kachidule kodziwira ngati phunziro lalowa. Ukamaliza kufotokoza umafunsa kuti, "Tamvana?" Amene wamvetsa amaloza chala chachikulu m'mwamba, amene sanamvetse amachiloza pansi. Kwa ine amene ndili ndi ana oposa makumi asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, mosowa ndi poponda pomwe, kanjira kameneka kanandipeputsira ntchito kwambiri.

Ndinabwerako ndili ndi mphamvu zosaneneka. Madesiki ndinawatembenuza kuti aziyang'anizana, makoma ndinawamata mapepala, magulu ndinawapatsa mayina a mbalame. Ana amene kale ankasinza anayamba kukanganirana kuyankha. Anzanga muofesi anandipatsa dzina loti Mayi Wekishopu, ena moseka chabe, ena ndi kansanje. Ahedi akalandira mlendo amathamangira naye kukalasi kwanga. Sindibisa, zinkandikomera.

M'gulu la Njiwa, pakona yakumbuyo pafupi ndi zenera losweka loyang'ana kumsewu, mumakhala mtsikana wina amene anzake amamutchula kuti Chete. Ndi mwana waukhondo, yunifolomu yake yosita bwino, ndipo dzanja lake polemba n'lokongola kuposa la wina aliyense m'kalasimo. Chifukwa cha dzanjalo gulu linamupatsa ntchito yokopera. Anzake awiri anzeru amapeza mayankho n'kulemba pakapepala, iye n'kuwakopera bwinobwino pachipepala chachikulu chopachika kukhoma. Gulu la Njiwa limakhoza nthawi zonse, ndipo malikisi a gulu ndiwo amakhala malikisi ake. Chala chake sindinachionepo chitaloza pansi. Materemu awiri ndakhala ndikulemba pa lipoti lake kuti, "Amamvetsera bwino, apitirize."

Masiku apitawa ndinakumbukira mfundo imene mlangizi uja anainena mothamanga tikutsekera wekishopu, yoti ana azitseka maso asanakweze chala kuti asamaonerane. Ndinati ndiyese. Ndinawaonetsa ndi manja, onse anatseka maso, Chete nayenso ataona anzake anatseka. Ndinafunsa kuti, "Tamvana?" Aphungu, zala zoloza pansi zimene ndinaona tsiku limenelo sindinazionepo chiyambire. Koma chimene chinandiopsa kwambiri si chimenecho. Manja a Chete anali padesiki, osasuntha.

Ndinati, "Tsegulani maso." Onse anatsegula, iye ayi. Ndinamuitana dzina lake lenileni. Ndinabwereza mokweza. Ana anayamba kuseka, iye ali duu, maso atatsinzina zolimba, akumwetulira pang'ono, kudikira kuti auzidwe chochita. Mpaka mnzake anachita kumugwedeza phewa. Anatsegula maso, anayang'ana uku ndi uku, ndipo ataona kuti kalasi yonse ikumuyang'ana, anakweza chala chake m'mwamba mofulumira.

Anzake atatuluka ndinamutsaliritsa. Ndinaima kumbuyo kwake n'kumulankhula, sanacheuke. Nditabwera kutsogolo ndinaona kuti sakundiyang'ana m'maso koma pakamwa. Ku khutu lakumanzere, limene amakonda kulitsamiritsa padzanja, kunali kathonje konyowa ndi mafinya. Ndinatsitsa chipepala chimene anachilemba yekha dzulo lake n'kumuuza kuti awerenge. Anatchula zilembo zingapo ndi mawu awiri atatu, kenaka anangondiyang'ana. Mwanayu samva bwino, ndipo satha kuwerenga zimene iye mwini amalemba mokongola chonchija. Chaka chonse wakhala akuonera zala za anzake, ine n'kumamupatsa malikisi.

Mayi ake ndi telala, amasokera pakhonde la sitolo ina mumsewu umene ndimadutsa pobwerera kunyumba. Ndinapatukirako kuti ndiwauze. Atangondiona anaimitsa makina, n'kundipatsa mpando wawo iwo n'kukhala pathumba la zidutswa za nsalu. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Aphunzitsi, mwandilerera mwana inu. Kunyumbatu ndi nkhutukumve ameneuja, ukamuitana amangoyenda ngati sanamve, mpaka ndimachita kumuthira khofi kuti acheuke. Koma ndikaona lipoti lanu mtima umakhala pansi, ndimati bola kusukulu amamvera." Nditafunsa za khutulo anati ndi kachilonda kakale, kamauma n'kubweranso kokha. Ndinawauza kuti ndimangodutsa, ndipo anandiperekeza mpaka pamphambano akundithokoza.

Tsopano vuto lenileni nali. Sabata yamawa mlangizi uja akubwera ndi akuluakulu ake kudzaonerera kalasi yanga ndi kujambula kanema woti azikaphunzitsira aphunzitsi ena. Zamveka kuti zikayenda bwino ine ndidzatengedwa kukhala mmodzi wa alangizi, ndipo sukulu yathu idzakhala yachitsanzo. Phunziro la tsikulo talibwereza kale kangapo, mwana aliyense akudziwa poyankha pake. Nditawafotokozera ahedi za Chete, anatseka chitseko n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, nkhaniyi isungeni kaye. Tsiku limenelo mumuuze akhale kunyumba. Si bodza, mwanayo akudwaladi. Ndipo za malikisizo musazikhudze, pajatu malipotiwo ndinasayina ndine. Alendo akapita tidzaona." Amuna anga nawonso akuti, "Inu si adokotala, amake mwana. Mwayi ngati uwu subwera kawiri."

Mtima wanga wagawanika. Udindowo ndikuufuna, ndautopera, ndipo ndili ndi ana anga oti ndiwaganizire. Koma ndikatseka maso ndimaona nkhope ija ikudikira. Kodi n'kulakwa kwambiri kumusiya kunyumba tsiku limodzi lokhalo, kenaka n'kumuthandiza alendo atapita? Nanga mayi ake ndikawayambe bwanji, poti amene ndawanamiza materemu awiri ndine ndemwe? Ndikuchita manyazi, ndipo ndili ndi mantha.

L. K.

Mayi L. K.,

Funso lanu loyamba ndiliyankha mwachidule. Ayi, musamusiye kunyumba. Ndipo ndikuona kuti yankholi mumalidziwa kale, mumangofuna wina akuuzeni mokweza. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho pirirani nane.

Mawu oti "tidzaona" ndimawadziwa bwino. Alendo akapita kudzabwera mayeso, mayeso akatha mudzakhala muli kuofesi yatsopano, ndipo Chete adzakwera kalasi ndi malikisi a gulu la Njiwa kupita kwa mphunzitsi wina amene sakudziwa kalikonse. Kanema wanuyo azidzaonetsedwa kwa aphunzitsi mazanamazana, aliyense n'kukachita zomwezo kwa Chete wa m'kalasi mwake. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo inu mwaziona kale nyererezo ndi maso anu.

Koma tiyambe ndi chimene sichingadikire, chomwe ndi khutu. Khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali si kachilonda koti n'kumangokayang'ana, ndipo silidikira kuti alendo apite kaye. Mawa lomweli bwererani kwa atelala aja. Muwapemphe kuti aimitse makina mupite poduka mphepo, osati pakhonde pamaso pa makasitomala. Muyambe ndi kulakwa kwanu, musayambe ndi kwawo. Nenani kuti, "Amayi, ndinalemba zimene sindinazifufuze. Mwana wathuyu si wamwano, sakumva bwino, ndipo ine ndinayenera kuzindikira kalekale." Za makofi aja musazitchule n'komwe. Adzazikumbukira okha pomwepo, ndipo zidzawapweteka kuposa mawu alionse amene inu munganene. Akakukalipirani, landirani, musadziteteze. Akamaliza muwauze kuti apite naye kuchipatala sabata yomwe ino akapimidwe makutu onse awiri, ndipo asathiremo mafuta kapena kutokosamo ndi kanthu. Musawalonjeze kuti achira. Mwina kumva kwina kudzabwerera, mwina kunapita kale, zimenezo anene ndi adokotala.

M'kalasi, muchotseni pazenera la kumsewulo. Akhale kutsogolo, khutu lopanda mafinyalo lili mbali yanu. Muzilankhula mutamuyang'ana, musamayankhule nkhope ili kubolodi, ndipo zimene mukufuna kuti ana achite muzizilembanso. Ntchito yokopera ija mulandeni mwaulemu, chifukwa ndi m'menemo wakhala akubisala. Ayambirenso kuwerenga pamene anaimira, ngakhale kukhale kubwerera ku buku la kalasi yoyamba, koma mukhale naye awiriwiri, osati pamaso pa aja anamuseka. Amenewonso muwalankhule.

Musaiwale zala zina zoloza pansi zija. Mwazitchula mongodutsa, koma inetu zandiopsa. Magulu akamagwira ntchito, inu musamangoyendayenda n'kumamwetulira. Khalani pakona muziitana ana mmodzimmodzi, ochepa chabe pa tsiku, aliyense akuwerengereni ndime yaifupi ndi kuchita samu imodzi yekha. Kalasi ndi yaikulu, inde, zitenga nthawi, koma mudzadziwa amene muli nawo. Malikisi a gulu akhale a kugwirizana basi. Olowa pa lipoti akhale a mwana payekha.

Wekishopuyo musaitaye. Magulu ndi abwino, ndipo ana ogalamuka aposa ana osinza. Kungoti inu, Mayi Wekishopu, munatolako mbali yaphokoso ndi yokongoletsa makoma, n'kusiya mbali yotopetsa yofufuza ngati mwana aliyense waphunziradi. Simuli nokha, ambiri amatola mbali yomweyo chifukwa ndiyo imaoneka bwino alendo akabwera.

Ahedi musawachite chiwembu. Pitani muofesi mwawo alendo asanafike, muwauze mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti mwana abwera kusukulu monga mwa masiku onse, kuti mayi ake mwawauza kale, ndipo lipoti la teremu ino lidzanena zoona. Akuopa kuipitsa dzina lawo, choncho apatseni mpata woti nkhaniyi aitengere okha kwa alendowo limodzi ndi inu. Akakana, mupempheni mlangizi uja mphindi zochepa pambali kujambula kusanayambe, mumuuze zimene zinachitika ana atatseka maso. Ngati ndi munthu wokonda ntchito yake, adzaona kuti mwamupatsa phunziro loposa limene munaloweza lija. Ngati amangofuna kanema wokongola, adzakwinya nkhope n'kukasankha kalasi ina.

Sindikunamizani, udindowo ukhoza kukudutsani. Ahedi akhoza kukusungirani mangawa, ndipo bambo akunyumba akhoza kukhala masiku angapo akuyankha ndi mphuno. Zimenezi n'zowawa, ndipo ine sindingakubwezereni chilichonse mwa izo. Koma taganizani kuti mwautenga udindowo mwa njira ya ahedi. Mudzaima kutsogolo kwa aphunzitsi anzanu, mudzawaphunzitsa za chala chachikulu, ndipo nthawi iliyonse mudzakumbukira amene munamusiya kunyumba kuti mufike pamenepo.

Chenjezo langa nali. Pofuna kukonza zinthu, musamusandutse mwanayu chionetsero. Musamuimike pamaso pa alendo kuti aone mmene akuvutikira kumva, kamera isamulunjike, ndipo nkhani ya khutu lake isakhale yocheza muofesi ya aphunzitsi. Wasekedwa kokwanira. Mukafuna kudziwa amene wamvetsa popanda kuonerana, aliyense alembe yankho lake pakapepala n'kukupatsani m'manja. Ndipo chonde, musadzamuuzenso mwana ameneyo kuti atseke maso. Chaka chonsechi wakhala akukumverani ndi maso omwewo.

Aphungu