Pulasitala pa Chimbale cha Chinkhoswe

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tilipo, kungoti miyendo ya amayi ikutupabe.

Lamlungu amayi anafuna kuonera chimbale cha chinkhoswe chanu, poti mawu a malemu bambo anatsala momwemo basi. Chinakanirira m'kamakina kolumikiza ku kompyuta kaja munasiya. Ndinayenda wapansi mpaka ku Biwi, wokonza makompyuta n'kunena kuti aphwanye kamakinako. Ndinakana. Mapeto ake telala woyandikana nafe anabaya singano pakabowo kakutsogolo, chimbale n'kutuluka chosakandika. Chinagwidwa ndi pulasitala yomwe amayi anamatapo, n'kulembapo dzina la bambo kuti chisasowe.

Ndatopa, achimwene. Chonde ndiuzeni mmene ndingaikire mawuwa mufoni, chifukwa dzulo ndinawapeza amayi akumata pulasitala ina pachimbalepo.

Mulungu akusungeni komweko.

Mlongo wanu,
Esinati