Apongozi anandimva ndikuimba nyimbo yomwe ndinaletsa

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 53, ndili ndi shopu ya zipangizo za njinga pa Boma pano, komanso ndine wapampando wa komiti ya makolo pasukulu ina ya sekondale. Anthu amandidziwa kuti sindisekerera zopusa. Koma lero ndikulemba nkhope ili pansi.

Pali kanyimbo kena kagwira ana kuno ngati chimfine. Kamnyamata kake kamaimba ngati katsinidwa mphuno, kakuti, "Iwe ndiwe chipisi, ine ndine kabichi, bebi tikumane pachiwaya." Kamtsikana kena n'kumayankha zomwezo. Basi, nyimbo yonse ndi yomweyo, kubwereza mpaka batire kutha. Mwezi watha aphunzitsi anagwira atsikana anayi akuvina kanyimboka m'kalasi nthawi yowerenga, ndipo mmodzi anali mwana wanga Modester, wa Fomu 2. Ndinapsa mtima chomene. Pamsonkhano wa makolo ndinawaimiritsa kutsogolo, n'kulamula Modester kuti awerenge mawu a nyimboyo mokweza kuti aliyense amve uchitsiru wake. Holo yonse inafa nalo phwete, iye akulira. Ndine ndemwe ndinapereka ganizo loti anayiwo aimitsidwe sukulu masabata awiri, ndipo komiti ikagamula Loweruka likubwerali.

Kamemori khadi kake ndinalanda n'kuika m'foni mwanga kuti ndidzimvere ndekha umboni. Koyamba ndinatsonya. Kachiwiri ndinkafuna kulemba mawu. Kachitatu sindikudziwa chomwe ndinkafuna. Aphungu, chinthucho chandilowa m'mutu, moti ndikamapopa tayala la kasitomala, pampu ikutsatira ng'oma yake.

Tsoka linandigwera Lachiwiri m'mawa. Bafa lathu ndi lapanja, lopanda denga. Ndinkayesa kuti onse apita kuchigayo, mbwenu ndinadzimasula, kuimba ndi khosi lonse, mpaka mbali ya mtsikana woyankha ija ndi kamawu kakang'ono, ndowa ndikuimenya ndi kapu. Potuluka, thaulo lili m'chiuno, ndinapeza apongozi anga, mayi a akazi anga, omwe anabwera kudzacheza kuchokera ku Euthini, atakhala pamkeka kuseri kwa bafa akusankha nyemba ndi Modester. Mayi amenewa zaka makumi awiri sindinadyepo nawo pamodzi, tikakumana panjira ndimapatuka. Anawomba m'manja mwaulemu wonse n'kuti, "Yewo, a Kabichi."

Modester sanaseke. Anangondiyang'ana, n'kunyamula lichero kulowa m'nyumba. Chichitikireni msonkhano uja amangondiyankha kuti eya kapena ayi. Tsopano apongozi atuma akazi anga kudzandiuza kuti Loweruka nawonso apita kukomiti, akafotokoze zomwe anamva kubafa. Ndikabweza ganizo langa, anthu ati ndakondera mwana wanga. Ndikaumirira, ndithera pomwepo. Apongoziwa ndingawatseke bwanji pakamwa popanda kulakwira mwambo? Nanga kanyimboka kangachoke bwanji m'mutu?

L.C., Mzimba Boma

Bambo L.C.,

Mundikhululukire, kalata yanu ndaiwerenga kawiri chifukwa koyamba misozi ya kuseka inanditseka m'maso. Za kutseka apongozi pakamwa muiwaliretu. Munthu amene wadikira zaka makumi awiri kuti apeze pokugwirani sangataye mwayi umenewu, ndipo ine ndikanakhala pafupi ndikanawagulira chakumwa.

Za nyimboyo tigwirizane, ndi yopusadi. Koma nyimbo za ana a zaka khumi ndi zisanu zakhala zopusa kuyambira kalekale, ndiyo ntchito yake. Inuyo muli Fomu 2 munkaimba masalimo okhaokha? Si inu munkazunguliza kaseti ndi bolopeni posunga mabatire, mukusisima ndi nyimbo zachingerezi zomwe simunkamva ngakhale liwu limodzi? Bambo anu ankatsonya chimodzimodzi. Mwina nawonso ankaimba kubafa, kungoti apongozi awo anali kutali.

Mankhwala ochotsera nyimbo m'mutu kulibe. Ikatopa idzachoka yokha, n'kubwera ina yopusa kuposa apa. Imbani ndithu, koma muziyamba mwasuzumira kuseri kwa bafa.

Chomwe sindikuseka n'chakuti kalata yonseyi mukulirira mpando wanu, pomwe amene mwamuvulaza ndi Modester. Inu mwachita manyazi pamaso pa anthu awiri okha, ndiye mwathamangira kunyuzipepala. Iye munamuimiritsa pamaso pa holo yodzaza ndi makolo a anzake n'kumusandutsa choseketsa, pomwe amayembekezera kuti bambo ake ndi amene amuphimbe. Mlandu wake ndi kusokosera nthawi yowerenga basi, ndipo chilango chake ndi tsache kapena chikwakwa, osati kuluza maphunziro a masabata awiri.

Ndiye Loweruka lisanafike muitaneni pa awiri, popanda amayi ake kapena agogo ake, mumuuze kuti munalakwa kumuchititsa manyazi. Mawu akuti pepa sanagululeko munthu mano. Mubwezereni khadi lake, mutakopera kaye kanyimboko m'foni mwanu, ndipo mugwirizane kuti nyimbo ndi za pambuyo pa homuweki. Akakana kukuyankhani tsiku loyamba musakwiye, munthu wolakwa salamula nthawi yomukhululukira. Kukomiti kabwezeni ganizo lanu m'malo mwa atsikana onse anayi, ndipo munene poyera kuti mkwiyo unakupitirirani. Amene ati mwakondera asiyeni, pakamwa pawo mpawo. Apongozi akamva zimenezi sadzakhalanso ndi chokanena kumeneko. Dzina la Kabichi lokha ndilo mupirire, chifukwa pofika pano ku Euthini lafika kale, ndipo mudzapita nalo kumanda.

Koma chenjerani, bambo. Mtsikana amene bambo ake amusekesa pagulu chifukwa cha nyimbo amaphunzira kubisa. Lero woimbayo ali m'foni, mawa adzakhala njonda yagalimoto yomuimbira zokoma pageti la sukulu, ndipo pa Boma ponse inu mudzakhala womaliza kumva.

Aphungu