Zimene amayi anauza alendo a boma

Kabwata, Lusaka

Okondedwa alongo anga a Helen,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ndiye ayi. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa ndikakuimbirani foni mumaikweza mawu kuti amayi amve nawo, ndipo nkhani iyi ndi yanu nokha.

Thandizo la boma lija latiphonya. Paja linali la makampani ongoyamba kumene a zamakompyuta a m'matauni aang'ono ngati Katete. Ine ndi mnzanga Chibwe tinalembetsa pulogalamu yathu ya pafoni yolumikiza alimi a mtedza ndi ogula a kumsika wa Soweto kuno ku Lusaka. Akanatipatsa makompyuta, intaneti ndi maphunziro. Adiresi ya kampani tinalemba chipinda chakutsogolo cha nyumba ya amayi.

Chonyansa n'chakuti thandizo la ku Katete umalilondola ku Lusaka. Kuno pepala siliyenda mwini wake asanaonetse nkhope. N'chifukwa chake chikololereni ndakhala ndikugona pabalaza kwa amalume a Edmond, kukacha ulendo wa kutauni kukafunditsa benchi ya mu ofesi ya boma. Mayi wolandira anthu kumeneko, a Mulubwa, ankandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadekhadi.

Ine ndili pabenchi kuno, oyendera makampani anatulukira kwathu mosachenjeza, inu muli kuntchito. Amayi anandiimbira okha tsiku lomwelo, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe. Akuti galimoto ya boma inaima pakhomo, anthu a mumzere wathu wonse akuona. Alendowo atafunsa ngati ndimagwirira ntchito pamenepo, amayi anayankha mokweza kuti mwana wawo ku Katete anachokako kale, ndi munthu wa ku Lusaka tsopano, amakhala m'maofesi akuluakulu. Atapempha kuona chipinda, anawatsegulira. Munali matumba a chimanga mpaka kudenga, ndi nkhuku yofungatira pansi pa tebulo langa. Powaperekeza anawaninkha mtedza wokazinga.

Alongo, mukudziwa mmene aneba aja ankawasekera amayi kuti anagulitsa ng'ombe kuphunzitsa mwana woti azingoseweretsa foni pakhonde. Tsikulo anapeza powayankhira. Atandifunsa ngati analankhula bwino, ndinati analankhula bwino kwambiri.

Lolemba a Mulubwa anandiitanira pambali. Anati oyenderawo alemba kuti kampani yathu ndi ya ku Lusaka, ikungonamizira Katete kuti idye nawo. Dzina lathu lachotsedwa, ndipo sitiloledwanso kupempha. Ndinayesa kufotokoza kuti ofesi yawo yomweyo ndiyo inandisunga kuno. Anangondimvera chisoni, n'kunena kuti umboni wa mayi wobereka palibe angautsutse. Zikumveka kuti ena mwa opambana ndi ana a anthu olemera a ku Kabulonga kuno ku Lusaka amene anachita lendi kachipinda kumaboma n'kukhomapo chikwangwani, koma izo sindinazione ndi maso.

Chibwe sanandikalipire, ndipo bola akanakalipa. Wayamba ntchito yokonza mafoni m'sitolo ina ku Kamwala, laputopu yake watenga. Pulogalamu imafunika anthu awiri, ine ndekha sindingaiyendetse. Alimi amene tinawalembetsa akuimbabe kufunsa mtengo wa mtedza, ine ndikungoyang'ana foni mpaka isiye kulira. Ndakwiya, alongo, koma ndikusowa womukwiyira. Nawonso azakhali, akazi a amalume, ayamba kundifunsa mwaulemu ngati kwathu mvula yayandikira.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi asadziwe kuti mawu awo ndiwo anatseka chitseko. Alamu muwauze ngati mufuna, koma muwamange pakamwa, paja akalawa pang'ono sasunga kanthu. Chimanga chija musachotse m'chipindamo, palibenso chochichotsera.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa adzukulu anga Abby ndi Reuben, ndi kwa amayi aang'ono. Amalume akupereka moni kwa nonse. Amayi muwauze kuti ndifika kutha kwa mwezi uno. Akaona chikwama chachikulu n'kufunsa, muziti ndabwera patchuthi.

Ndine mlongo wanu,
Thandazani