Sikima ya nsomba za a Sufiyani

Ulongwe
18 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Nasiru,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu anga muli bwino ku Durban kumeneko. Kuno dzuwa latikwana, mango akadali aawisi koma ana ayamba kale kugenda, ndipo mwendo wa amayi ukupezako bwino. Kalatayi ndapatsira a Mohamedi a lole, chifukwa pafoni ndimangoti tili bwino, zenizeni n'kutsalira kukhosi.

Ndikulemba chifukwa cha mawu amene munanena pafoni tsiku lija mukuseka, akuti, "Mlongo, nsomba ziwiri zokha sizifuna sikima, bola kumasintha madzi. Ndiwauza alamu asavutike." Chimvereni mawu amenewo sindikukhazikika. Ndimatsuka makapu otsuka kale. Dzulo ndinathira mchere mu tiyi wa kasitomala. Chonde werengani kaye musanawauze kanthu.

Mukukumbuka kuti alamu anu a Sufiyani atabwerako ku Joni chaka chatha, anzawo anatsitsa malata ndi njinga zamoto, koma iwo anatsitsa thanki lagalasi, kapampu ndi matumba a mchere wa m'nyanja. Anati m'sitolo ya nsomba zoweta mmene mumagwira nonse muja anaphunziramo ntchito imodzi yokha, ndipo sangaitaye. Thankilo tinaliika m'tiyirumu yathu. Nsomba anazipeza kwa munthu wina wa ku Nacala, ziwiri, zofiira ngati papaya wakupsa, zamizere yoyera. Anthu otsika minibasi ankalowa kudzaona, n'kumwerako tiyi. A Lucius ogulitsa chimanga anafunsa ngati zimakoma ndi tomato, a Sufiyani anaseka mpaka misozi. Masiku amenewo ndinkati mwamuna wanga wabweradi.

Titakolola ndi pamene anasintha. Ndinkawapeza ataima pakhomo, maso ali pa mabasi ochokera ku Mangochi opita ku Joni. Akakhala pansi, mwendo sunkaleka kugwedera. Kumunda kwathu ku Rivirivi ankangofika n'kubwerako dzuwa lisanakwere. Kenako m'nyumba munalowa mawu atsopano.

"Mayi a Ayisha, thanki la madzi amchere lopanda sikima ndi manda," anatero.

Ndinafunsa kuti sikima n'chiyani. Anandifotokozera kuti ndi kachipangizo kotakasa madzi ndi mpweya mpaka kuchita thovu, ndipo thovulo limanyamula nyansi za nsomba n'kuzitayira m'kakapu pamwamba, madzi asanaole.

"Nanga miyezi yonseyi zakhala bwanji popanda chimenecho?" ndinafunsa.

"Zikungopirira," anayankha. "Kupirira si kukhala bwino."

Ndinati inu achimwene mukhoza kugula n'kupatsira a Mohamedi. Iwo anati iyayi, mungagule chosalingana ndi thanki. Ndinati ku Blantyre. Anati kulibe. Njira iliyonse imene ndinkatsegula, iwo ankaitseka, mpaka tsiku lina titatseka tiyirumu ndinawafunsa maso ndi maso.

"Bambo a Ayisha, ndiuzeni zoona. Ndi nsomba zimene zikubanika muno, kapena ndi inu?"

Anayamba kupukuta galasi lopanda fumbi. Kenako anati, "Kuno ndikadzuka sindidziwa poika manja. Kuja ndinali munthu wodziwa kanthu." Iwo anawonjeza kuti, "Ndikungokatenga sikima. Ndibwera mvula isanagwe."

Asananyamuke anandiphunzitsa zonse: kuchotsako ndowa ya madzi sabata iliyonse, kusungunula mchere m'madzi ena n'kuyeza kuchuluka kwa mcherewo ndi kagalasi koyezera, kudyetsa pang'ono, ndi kulumikiza pampu ku batire magetsi akazima. Ndinawaperekeza pamsewu. Sindinalire, chifukwa pasiteji panali anthu ambiri otidziwa.

Tsopano papita mwezi chichokereni. Achimwene, inu munanena zoona. Madzi ali mbee. Nsomba zikudya, zanenepa, ndikayandikira zimabwera pagalasi. Ine amene sindinaonepo nyanja yamchere ndikuzisunga ndi ndowa ndi manja awiriwa. M'mawa uliwonse ndimasuzumira m'thankimo kufuna kuona kachitsotso kapena kuderako pang'ono, ndipo ndikapeza zonse zili bwino mtima umandipweteka. Mulungu andikhululukire, tsiku lina ndinaima ndi chakudya chodzaza dzanja, ndikuganiza zothira chonse kuti madzi aonongeke, ndipeze chowaimbira foni. Ndinabweza m'chitini. Nsombazo sizinandilakwire.

Ndamva kwa akazi a Zubairu, amene amuna awo alinso komweko, kuti a Sufiyani apatsidwanso malo awo akale m'sitolomo, akuti kwa masiku ochepa. Inu simunandiuze, ndipo sindikukuimbani mlandu. Koma masiku ochepa a ku Joni ndikuwadziwa. Ulendo woyamba anachoka Ayisha ali kumsana, anabwera ali Sitandade 5.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musawauze kuti sikima ndi yosafunika. Anachoka pakhomo pano ndi chifukwa chimodzi, ndipo chifukwa chomwecho n'chimene chingawabweze popanda manyazi. Mukawachotsera chimenecho, adzatsala opanda chonyamula pobwera, ndipo mwamuna uja sangakwere basi chimanjamanja. Pitani nawo mukasankhe yolingana ndi thanki lathu. Muwauze kuti kuno kwatentha kwambiri ndipo thanki lopanda sikima silingadikire mpaka Disembala. Ndikudziwa kuti simukonda bodza. Ngati lilemera, likhale pamutu panga.

Mwina adzabwera n'kuyambanso kuyang'ana mabasi. Zimenezo ndidzaziona akadzafika. Panopa ndikungofuna afike.

Amayi akupereka moni, akuti mafuta opaka mwendo aja atha. Ayisha akuti moni kwa amalume ndi kwa ana onse. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwathokoze powasunga bambo a kwathu. Kwa a Sufiyani muwauze kuti mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mposa, ndipo mbewu ndasankha kale koma sindibzala ndekha. Akafunsa za ine, munene kuti ndili bwino. Akafunsa za madzi, munene kuti ayamba kuda.

Ndine mlongo wanu,
Zaina