Maliro a Bambo a Mayi Doreen

Lachiwiri, 11 Novembala, Etobicoke

Ndatopa, msana ukuchita kuwotcha. Lero, tsiku lokumbukira asilikali ofera kunkhondo, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kunja kuno, Mayi Doreen anakana kusamba. Anangofumbata chithunzi cha bambo awo, msilikali wa ku Britain. Akuti bambowo anali mwana wa munthu wokumba malasha, ndipo anafera kunkhondo ku Burma Mayi Doreen akadali m'mimba mwa amayi awo. Manda a bambowo sadziwika.

Mosaganiza ndinakhala pansi chete, monga timachitira pamaliro kwathu. Nesi anathamanga, kuyesa ndagwa.

"Ndikupepesa maliro," ndinatero.

Mayi Doreen anandigwira phewa. "Mwanawe, onse amangoti bambo anga anali ngwazi. Palibe anandipepesapo."

Madzi osamba anazizira, ndinangowasiya.

Ine maliro a bambo anga ndinaonera pafoni, ndili pantchito. Mpaka lero sindinakhale pansi kuwalira.